Mkono Ukhale Wokha

"Amayi, nanga dzina lanu lili pati pathupi pa ababa?"

Kabatani anafunsa funso limeneli ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, akusambitsidwa m'beseni. Anali atagwira mkono wa amake, akutsata ndi kachala konyowa zilembo zobiriwira zimene zinali pakati pa dzanja ndi chigongono. Amakewo anamupaka sopo kumutu kuti atseke maso, n'kumuyankha kuti, "Amuna salembedwa. Ichi n'chikondi, ukadzakula udzachimvetsa."

Tsopano anali atakula, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo yankho lija anawabwezera m'mawa wa Lachiwiri, ataima pakati pa makina osokera ndi khomo, mkono wamanzere ataubisa kumbuyo.

"Si inu munati n'chikondi?"

"Onetsa mkonowo."

"Muyambe mwayankha."

"Iwe, ndisadzuke pampando pano. Onetsa."

Mtsikanayo anaubweretsa kutsogolo pang'onopang'ono. Anali ataukulunga ndi kansalu kotsala pa diresi imene amake anadula dzulo lake. Amake Kabatani, amene anthu a pamzere wa zipinda za lendi umenewu ankangowatchula kuti atelala, anamasula mfundoyo ndi mano monga ankadulira ulusi. Khungu linali litatupa, likunyezimira. Panali zilembo ziwiri zakuda zopendekeka, ndi chachitatu chongoyambidwa, kamzere kamodzi kolekera panjira. Koma maso awo sanakhalitse pa zilembozo. Anakwera m'mwamba pang'ono, pamwamba pa chigongono, pamene panali madontho anayi othimbirira mbali imodzi, ndi limodzi lalikulu mbali inayo. Zala za munthu.

"Wakulemba ndani?"

"Ometa."

"Ometa athu omwewa?"

"Alipo angati odziwa kulemba pamzere pano?"

Shopu ya ometa inali khomo lachitatu kuchokera pa atelala. Dzulo masana atelala anamva kamakina ka ometa kolembera pakhungu kakulira ngati udzudzu waukulu, wailesi itakwezedwa, ndipo anachita zimene ankachita nthawi zonse kakalira: anawonjezera kupalasa makina awo kuti asakamve. Kenako magetsi anazima, kamakinako n'kukhala chete. Iwo anapitiriza kusoka mpendero wa siketi ya mwini wake, mtima uli m'malo.

"Ndiye kuti magetsi aja ndi amene anakupulumutsa."

"Sanandipulumutse, anandisokoneza. Akuti tidikire kutupaku kuphwe. Timaliza Loweruka la sabata yamawa."

"Timaliza. Iwe ndi ndani?"

"Mukumudziwa."

Ankamudziwadi. Anali makaniko wa pagalaji ya kuseri kwa msika, mnyamata wamtali, waulemu, amene ankati akawaona atanyamula makala amawalandira.

"Nanga zala izi?"

Kabatani anayang'ana ngati akuziona koyamba. "Amandigwira kuti ndisagwedezeke. Zimapwetekatu. Inu simukukumbukira?"

Atelala anatenga mpando wa makasitomala n'kuukankhira kwa mwana wawo, koma iye sanakhale. Anatola kansalu kaja pansi, n'kutuluka akudzimanga yekha ndi dzanja limodzi.

Makaniko anabwera Lachisanu, atasamba, manja atawapukuta mpaka girisi anangotsala m'zikhadabo mokha. Anapereka moni atagwira chigongono, ndipo anakana mpando kawiri asanakhale.

"Ndamva kuti mwakhumudwa, amayi. Ndinalakwa osayamba ndakuuzani."

"Ukanandiuza, ndikanakana."

"N'chifukwa chake ndabwera kuti ndifotokoze. Andilemba ntchito kokonza magalimoto a omanga msewu. Ndikakhala kumeneko miyezi isanu ndi itatu. Mukudziwa mmene anyamata a masiku ano alili. Mtsikana akangotsala yekha, amayamba kumuimbira miluzi."

"Mugulire mphete."

Mnyamatayo anamwetulira, ngati munthu amene akuyankha mwana. "Mphete amavula, amayi. Amaika m'thumba akafika pakona."

"Ndiye kuti sukumukhulupirira."

"Ndikumukhulupirira. Ndikungofuna kuti anthu azidziwa kuti ali ndi mwini wake."

"Chabwino. Iwe dzina la mwana wangayu ulilembetsa pati?"

Anaseka, ndipo Kabatani, amene anaima pakhomo la kuchipinda, anaseka naye pang'ono, mochedwa. "Mkono wangawu ndi wa girisi, amayi, inki singaoneke. Komanso mwamuna kuyenda ndi dzina la mkazi pathupi, anzanga angandiseke mpaka kundithamangitsa pagalaji." Analoza ndi chibwano mkono wa atelala, umene unali m'malaya a manja aatali ngakhale kunali kutentha. "Iyeyu anandiuza kuti inunso muli nalo. Kuona kwa inu n'kumene kunamulimbitsa mtima. Ndipo chinthu chosiyidwa theka sichikongola. Tingomaliza basi."

Atachoka, atelala anatseka chitseko, n'kupinda dzanja la malaya mpaka m'chigongono. Zilembo zisanu ndi chimodzi zinali pomwepo, inki itafalikira m'khungu ngati yodontha pansalu yonyowa, moti munthu wosadziwa dzinalo sakanatha kuliwerenga.

"Khala pansi, ndikuuze zimene ndinayenera kukuuza kalekale. Ine sindinapemphe chimenechi. Abambo ako anali atayamba kuyendetsa mathiraki a maulendo ataliatali. Tsiku lina anati tiye ukandiperekeze kometa. Titalowa, anatseka chitseko."

"Amayi."

"Ndinakana. Ndinali ndi pakati pa iwe, miyezi isanu. Anandikhazika pampando ndi bondo. Ndipo atatisiya, ndinakumana ndi mkazi wina pamsika akusankha tomato, ali ndi dzina lomweli, pamalo omwewa, dzanja lolemba lomweli. Tinangoyang'anizana. Iye anatsitsa malaya ake, inenso ndinatsitsa anga."

Kabatani anamvetsera mpaka pamapeto, nkhope ili gwa. Kenako anati, "Zaka zonsezi inali nkhani ya chikondi. Lero mwaona kuti ndapeza munthu, yasanduka ya bondo. Ndikhulupirire iti?"

"Ya lero."

"Ngati simunkalifuna, bwanji mwakhala nalo mpaka pano? Munthu chinthu chimene akudana nacho amagona nacho zaka makumi awiri? Mumalisambitsa, mumalidzoza mafuta. Ababa anachoka ndili sitandade 4, koma dzina lawo ndi ilo. Musandinamize kawiri."

Mawu amenewa anawatsatira atelala Loweruka lonse, anapita nawo kutchalitchi Lamlungu, n'kubwera nawo. Iwo sanali munthu wopupuluma. Nsalu ya kasitomala ankaiyeza kawiri, kuilemba ndi choko, kuiyang'ananso, asanaikepo sizasi. Koma Lolemba masana, akusita yunifolomu ya mwana wa sukulu, Kabatani atapita kukagula zipi, anaima n'kuyang'ana simbi ya makala ili pa chitsulo chake. Anaganiza kuti mwana amene wakana kumva ndi makutu mwina amva ndi maso. Anatsegula simbiyo, anauzira makala mpaka anafiira, n'kuitseka. Anapinda kansalu kanayi, anakaluma. Kenako anagoneka mkono patebulo n'kutsitsapo simbi.

Anafuna kuwerenga mpaka khumi. Anafika pa zitatu.

Kabatani anawapeza atakhala pansi, atatsamira mwendo wa makina, m'nyumba monse mukununkha ngati nyama yopserera. Mazipi anagwa m'manja mwake.

Kuchipatala, namwino wachikulire anatsuka balalo asakuwayang'ana kumaso. "Simbi?" anafunsa. Atelala anagwedeza mutu movomera. "Mwina muli ndi mwayi. Ena amabwera atathira asidi wa m'batire, ena atapala ndi lezala. Onse amati ndinagwera pambaula. Mayi, inkiyi siikhala pamwamba ayi, imalowa pansi. Khungu mwaotcha, koma dzina silinapse lonse. Muzibwera pakapita masiku awiri aliwonse tizisintha bandeji."

Namwinoyo ananena zoona. Matuza ataphulika, m'mphepete mwa bala lofiiralo munkaonekabe miyendo ya zilembo, ndipo choyamba ndi chomaliza zinatsala zathunthu. Mkono unalemera ngati si wawo. Makina anaima masiku anayi, makasitomala akubwerera pakhomo ndi nsalu zawo.

Kabatani ndiye ankaphika, kuwaveka, ndi kuwaperekeza kuchipatala. Ankachita zonsezi mosamala, koma osalankhula. Lachisanu, akuwamanga mabatani a bulauzi, atelala anamufunsa.

"Waona tsopano?"

"Ndaona kuti mwadzipweteka."

"Mawa upitabe?"

Zala za mtsikanayo zinaima pa batani lomaliza. "Iye si ababa. Sanandimenyepo. Komanso mukufuna ndiziyenda bwanji ndi zilembo ziwiri? Anthu azifunsa kuti chinachitika n'chiyani. Bola lathunthu, likhala ndi tanthauzo. Ndikakana ati ndili ndi wina."

"Ukufuna, kapena ukuopa zimene anene?"

"N'chimodzimodzi, amayi."

Loweruka cha m'ma 10 koloko, dzuwa litafika pakhonde, atelala anamva wailesi ya kwa ometa ikukwera. Kenako chitseko chinatsekedwa. Anakhala kaye pampando, miyendo ili pa chopalasira cha makina, ndipo anazindikira kuti mapazi awo ayamba okha kupalasa, pansi pa singano palibe nsalu. Anawaimitsa. Anadzuka, n'kuyenda makomo awiri aja, mkono wa bandeji uli poyera.

Chitseko sichinali chokhoma. M'katimo munali monga munalili kale: galasi lalikulu losweka pakona, zithunzi za mameta zotuwa ndi dzuwa, tsitsi lakuda lounjikidwa kuseri kwa benchi. Ometa, bambo wa imvi amene tsopano ankavala magalasi omanga ndi waya, anali atakhala pa kampando kafupi. M'dzanja anali ndi kamakina kawo kodzipangira okha, kamota ka wailesi yakale komangirira ku chubu cha bolopeni, singano yosokera itatulukira kunsonga. Patebulo panali kabotolo ka inki, thonje, sipiriti, ndi kapepala kolembapo dzina la makaniko ndi zilembo zazikulu. Kabatani anali pampando wometera. Makaniko anaima kumbuyo kwake, dzanja lake litagwira pamwamba pa chigongono, zala zitakhala pamalo ake akale.

Atelala anapita pa wailesi n'kuizimitsa.

"Aneba," anatero ometa, akuyang'ana bandejiyo. "Ndinamva za ngozi yanu. Pepani."

"Si ngozi. Ndimafufuta ntchito yanu."

"Amayi, chonde," anatero Kabatani, "musandichititse manyazi."

"Sindinabwere kudzakukoka. Ndabwera kudzafunsa anebawa funso limodzi, iwe ukumva. Ine ukuti ndine wabodza, ndipo sukulakwa. Aneba, muuzeni mwanayu mmene ndinakhalira pampando umenewu."

Ometa anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya. "Ndi kale limenelo. Pampandopa padutsa anthu ambiri."

"Amayi oyembekezera angati?"

Panja panadutsa munthu wogulitsa matsache, akuitanira malonda ake.

"Ine ndimalemba zimene zili pakapepala," anatero ometa, mawu atatsika. "Wobwera ndi kapepala ndi mwamuna. Mkono ukagwedezeka chilembo chimakhota, ndiye mwamunayo amagwira. Ndi mmene anandiphunzitsira amene anandiphunzitsa."

"Sindinafunse za maphunziro anu."

Bamboyo anayang'ana Kabatani m'galasi, osati kumaso. "Amako analira. Anati sakufuna, katatu kapena kanayi. Abambo ako anawaika bondo apa." Anagwira ntchafu yake. "Anandiuza kuti kweza wailesi. Ndinakweza. Ukuona mmene zilembo zawo zinafalikira? Si kuti inki inali yoipa. Ankalimbana, singano n'kumalowa kwambiri."

Kabatani sanatembenuke.

"Nkhani yomvetsa chisoni," anatero makaniko, modekha. "Koma ya anthu ena, madala. Uyu wabwera ndi miyendo yake. Palibe wamukoka. Eti, iwe?"

"Eee," anayankha Kabatani.

"Mwamva. Tiyeni tiyambe, ndili ndi galimoto ya mwini wake pagalaji."

"Ndamva," anatero atelala. "Ngati wabwera yekha, alembedwe yekha. Chotsa dzanja lakolo. Mkono ukhale wokha patebulo. Ukakhala mpaka dzina lithe, ine ndituluka, ndipo diresi laukwati ndidzasoka ndi mkono womwe uno."

"Agwedezeka."

"Ukagwedezeka ndiye kuti ukuyankha."

Makaniko anaseka, akuyang'ana ometa kuti amuthandize. Ometa anali akuyang'ana kabotolo ka inki. Mnyamatayo anakweza manja onse m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi, n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi. "Chabwino. Aonetse, wokondedwa."

Kabatani anayala mkono wake patebulo, chikhatho chikuyang'ana kudenga. Pamene panachoka zala panatsala mizere yotuwa, magazi akubwerera pang'onopang'ono. Ometa anapukuta khungu ndi sipiriti, anaviika singano mu inki, n'kulumikiza waya. Popanda wailesi, kulira kwa kamakinako kunadzaza chipinda chonse. Atelala anakumva m'mano, ndi pansi pa bandeji. Anagwira mphuthu ya chitseko ndi dzanja labwinolo.

Singano inatsika. Itatsala pang'ono kukhudza kamzere kolekera panjira kaja, mkono unachoka patebulo n'kukagwera pamiyendo pa mwini wake.

"Bwezera," anatero makaniko.

Anaubwezera. Unkanjenjemera moti kabotolo ka inki kanayamba kugunda patebulo. Singano inatsikanso. Mkono unathawanso, ulendo uno mpaka pachifuwa, dzanja linalo n'kuufungatira.

"Ukundichititsa manyazi pamaso pa anthu. Bweretsa kuno." Ulemu uja unali utachoka m'mawu ake. Anatambasula dzanja, nagwira mkonowo pamfundo, n'kuukokera patebulo mwamphamvu moti mpando unatembenuka. Kabatani anakuwa pang'ono, kamodzi.

Ometa anasolola waya. Kamakina kanakhala chete.

"Madala, lumikizani."

"Ayi."

"Tinapangana."

"Ndinapangana ndi iwe. Ndi ameneyu sindinapangane naye kanthu." Anaika kamakinako m'kabati, n'kutseka. "Musiye mwana."

Makaniko anayang'ana dzanja lake, ngati kuti ndi la munthu wina, ndipo analimasula. Anawerama pafupi ndi khutu la Kabatani. "Ukufuna kapena sukufuna? Nena wekha, poti lero aliyense akulankhula."

Mtsikanayo anayang'ana madontho akale aja, ndi malo atsopano ofiira pamfundo ya dzanja. "Sindikufuna."

"Lero, kapena mpaka kale?"

Mnyamatayo anadikira, kenako anaweramuka n'kukonza kolala. "Yenda nazo ziwiri zakozo, tione amene akutenge. Aliyense azidzafunsa kuti anayamba ndani." Pakhomo anapatuka kuti asawagunde atelala, mwa chizolowezi, n'kupita osacheuka.

Kabatani anakhalabe pampando kanthawi. Atadzuka anaima pamaso pa amake. Sanalire, ndipo sanawakumbatire. Anayang'ana bandeji, pamene madzi achikasu anali atayamba kutulukira, kenako mkono wake.

"Mukanandiuza ndili m'beseni muja," anatero.

Anatuluka. Amake anamva chitseko cha kwawo chikutsegulidwa, kenako cha kuchipinda chikutsekedwa.

Atelala anakhala pa benchi ya odikira kumeta. Ometa anatola kapepala ka dzina kaja, anakapinda kawiri, n'kukaponya pa mulu wa tsitsi. Anatenga tsache, koma sanasese.

"Zilembo ziwirizo ndingathe kuziphimba," anatero. "Duwa, kapena mbalame. Zingabisike."

"Mkonowo si wanga, ndipo si wanu. Akafuna adzanena."

"Ndi zoona."

"Munalemba akazi angati motero, aneba?"

"Sindinawerenge." Anatsamira tsachelo. "Ndinkayang'ana singano. Munthu ukamayang'ana singano suona nkhope. Zaka zonsezi mumandipatsa moni m'mawa uliwonse, munandisokera makatani awa. Ndinkati mwina munaiwala."

"Inenso ndinkamva kamakina kanu kupyola makomawa, n'kumapalasa anga. Lolemba lija ndinapalasa makina, mwana wanga ali pampando uwu. Tonse awiri tinali ndi wailesi yathu."

Pakhomo panafika bambo wina atagwira chipewa, akufunsa ngati akumeta. Ometa anamuuza kuti abwere masana.

"Ntchitoyi sindingaisiye," anatero ometa, munthuyo atachoka. "Alipo ofuna okha, ndipo ndikasiya ine apita kwa anyamata a kumsika, amene singano imodzi amalembera anthu asanu. Koma ndikulonjezani ichi. Mwamuna azidikira panja. Chitseko chizikhala chotsegula, wailesi yozima. Ndipo mkono umene sukhala wokha patebulo, ine sindidzaulemba."

Atelala anaimirira, atanyamula mkono wawo wopsawo ndi dzanja linalo ngati khanda.

"Inenso ndikulonjezani," anatero. "Ndikadzangomva kamakinako kakulira, ndidzaimitsa anga. Ndidzabwera kudzaima pakhomo apa mpaka mumalize."

"Muzibwera, aneba. Benchiyo ndiikokera pafupi ndi khomo."